A Mbewe Apakira Ngolo ku Chipangali

Mu Chipata monse, kuchokera ku Kapata mpaka ku Kalongwezi, panalibe munthu amene sanamvepo mbiri ya a Ezekiel Mbewe, chifukwa eni akewo ankaifalitsa okha. Anayamba ndi njinga yopanda mabuleki, kunyamula anthu pamsika. Lero anali ndi mathiraki anayi otuta fetereza ku Beira. Mapazi awo anaponda Durban, Nacala, Lubumbashi ndi Dar es Salaam, ndipo pasipoti yawo inadzaza katatu. Chingerezi anachitola mumsewu, Chipwitikizi anachitola pamlatho wa ku Tete. Zilankhulo ziwirizi ankazilankhula mokweza, pokhulupirira kuti mawu akaperewera, munthu umakwaniritsa ndi mmero.

Lolemba lina foni yawo inalira. Anali a Maureen, mlembi wa bungwe la amalonda odutsa malire.

"A Mbewe, Loweruka lino tili ndi msonkhano waukulu, kukubwera anzathu a ku Tete," anatero a Maureen. "Tasankha inu kuti mukalankhule. Mutu wake ndi work-life balance, mmene munthu angasamalire bizinesi osataya banja. Mukayambe m'Chingerezi, kenako m'Chipwitikizi kuti alendo amve."

"Mwagogoda khomo loyenera, mayi," anayankha a Mbewe. "Nkhani imeneyo ine ndingaifotokoze ngakhale ndili kutulo."

"Ndipo mubwere ndi amayi akunyumba. Akakhale mpando wakutsogolo, anthu akaone ndi maso kuti zimatheka."

Apa a Mbewe anatsokomola, chifukwa amayi akunyumba kunyumbako kunalibe.

Nkhani yake inali yotere. Mwezi wathawo ku parishi kwawo kunali mwambo wodalitsa mabanja amene akwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu. A Zelipa, akazi awo, anasoketsa zovala zofanana za chitenje chobiriwira: diresi lawo ndi malaya a amuna awo. A Mbewe ananyamuka kupita ku Beira atalonjeza kuti abwerako pakatha masiku atatu. Anakhalako milungu itatu. Pa tsiku la mwambolo mabanja onse anaima awiriawiri kuguwa, a Zelipa anaima okha, malaya aja atapindidwa m'chikwama. A Mbewe atabwerako anapeza nyumba ili zii. Tsiku loyamba anati mayi apita ku kwaya. Lachiwiri anati mwina kuli maliro. Linali tsiku lachinayi pamene anafunsa mwana wawo Ketilina pafoni.

"Adadi, mwaona lero?" anatero Ketilina. "Amayi anapita kwawo ku Chipangali kalekale. Anati akukathandiza amalume kukolola, koma anatenga ndi makina awo osokera omwe."

Munthu wokakolola satenga makina osokera. A Mbewe ankadziwa zimenezo, koma anadziuza kuti mkwiyo wa mkazi uli ngati injini yotentha, umangoisiya izizire yokha. Tsopano foni ya a Maureen inawadzidzimutsa. Lachitatu m'mawa anavala suti yawo yotuwa ya ku Durban, nalowa m'galimoto yawo ya bokosi kumbuyo, ulendo wa ku Chipangali.

Njira yonse ya ku Lundazi anali kuyeserera zokalankhula. "Ladies and gentlemen, life is balance!" ankatero, uku akumenya chiwongolero. Kenako ankatembenukira mpando wopanda munthu: "Meus amigos, a vida é equilíbrio!" Liwu lakuti equilíbrio linkawakomera kwambiri. Ankalitafuna pang'onopang'ono ngati nzimbe, mpaka anatsala pang'ono kugunda mbuzi pa Mgubudu.

Kumudzi anawauza kuti anthu onse ali kumunda. Anawapezadi kumeneko. A Yakobo Phiri, mchimwene wawo wa a Zelipa, amenenso anali nkhoswe ya banjali, anali kumanga matumba a chimanga pafupi ndi ngolo. Ng'ombe ziwiri zinali chiimire pagoli, zikubzikula. A Zelipa anali chapatali pang'ono, akusenda chimanga pamkukwe.

"Eee, alamu!" anafuula a Yakobo. "Ndimayesa ndi a boma abwera kudzayeza msewu. Mwasochera?"

"Alamu, ine sindisochera. Ndinayendapo Lubumbashi wopanda mapu."

"Koma njira ya kuno inakuvutani. Bwerani, muli bwanji?"

Analonjerana. A Zelipa anabwera, nagwada pang'ono mwaulemu monga achitira mlendo aliyense, n'kufunsa za ulendo. Ulemu umenewo ndi umene unawaopsa a Mbewe. Mkazi akamakalipa ndiye kuti mudakali naye. Akayamba kukupatsa moni wa alendo, zinthu zafika pena.

"Naphiri, ndabwera kudzakutengani," anatero a Mbewe, akukonza tayi. "Loweruka pali msonkhano wa mayiko awiri. Ine ndiye wolankhula wamkulu. Inu mwakonzeredwa mpando wakutsogolo."

"Mukalankhula za chiyani, bambo a Ketilina?"

"Work-life balance. Kwa Apwitikizi timati equilíbrio."

"M'Chinyanja ndiye kuti chiyani?"

A Mbewe anatsegula pakamwa. Munthu amene anakanganapo ndi apolisi a mayiko asanu, aliyense m'chilankhulo chake, anapeza kuti lilime lauma. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana nsapato.

"Ndiye kuti... kubalansa. Kubalansa zinthu."

A Yakobo anaseka mpaka kugwira gudumu la ngolo. A Zelipa sanaseke. Anangoti, "Oo," n'kubwerera ku mkukwe wawo.

"Alamu, khalani pansi mtima," anatero a Yakobo atapukuta misozi. "Nkhani ya banja sitikambira chiimire, komanso sitikamba ntchito ili pakati. Ndiponso pali kanthu kena. Inu mukudziwa mwambo wathu: mkamwini amagwira ntchito m'munda wa apongozi. Chaka chimene munakwatira mlongo wangayu, munatumiza anthu atatu aganyu ndi thumba la mchere, inu muli ku Tete. Malemu amayi analandira mcherewo, koma mpaka kumwalira ankafunsa kuti kodi mkamwini wanga ali ndi manja? Munda uno sunalaweko thukuta lanu."

"Manja ndili nawo, alamu. Awa."

"Ndiye tipakireni ngoloyi. Matumba ndi awo, khumi ndi awiri. Ine ndikamwe madzi."

A Mbewe anaseka chiseko cha munthu amene wapatsidwa mayeso a ana. "Ine? Alamu, ine ndimapakira matani makumi atatu. Sikelo ya pamsewu sinandigwirepo ngakhale kamodzi. Kangolo aka ndi kabokosi ka machesi."

Ali mkati movula jekete, a Zelipa anabweranso. M'manja munali malaya a chitenje chobiriwira, opindidwa bwino, mizere ya simbi ikuonekabe.

"Valani awa, mungadetse suti ya ku Durban," anatero. "Awa alibe ntchito."

A Mbewe anawazindikira malayawo ngakhale anali asanawavalepo, chifukwa chitenje chake chinali chofanana ndi mpango umene unali kumutu kwa akazi awo. Anavala mwakachetechete. Anawakwana ndendende.

Tsono anayamba ntchito monga amachitira munthu wa mathiraki. Pathiraki katundu amayambira kutsogolo: umagunditsa thumba loyamba kukhoma la kumutu, lachiwiri pamwamba pake, mothinana, kuti ukaponda buleki zinthu zisathamange. A Mbewe anachita chimodzimodzi. Anakokera matumba onse kutsogolo kwa ngolo, nawasanja mokongola ngati njerwa, kumbuyo kukutsala malo oti munthu n'kuyalapo mphasa. Thukuta linali kamukamu, koma mtima unali mbee. Anaiwala chinthu chimodzi chokha: thiraki ili ndi magudumu kutsogolo, ngolo ilibe. Kutsogolo kwa ngolo kuli makosi a ng'ombe.

Atakweza thumba lachisanu ndi chinayi, ng'ombe ya kumanzere, imene dzina lake linali Bantomu, inapumira m'mwamba. Atakweza lakhumi, inapinda miyendo yakutsogolo n'kugwada, mphuno m'dothi. Inzake Kaputeni inapendekeka nayo, goli lili pakhosi ngati mtanda.

"Iwe! Dzuka!" anakuwa a Mbewe. "Up! Levanta! Alamu, ng'ombe yanuyi ndi yaulesi!"

A Yakobo anabwera akuthamanga, kapu ili m'manja. "Mayo ine, Bantomu wanga! Alamu, mwamuphunzitsa kupemphera? Tsitsani msanga, mundithyolera khosi la ng'ombe!"

Anatsitsa matumba anayi mothamanga, Bantomu n'kudzuka, akupukusa mutu. A Mbewe, pofuna kuonetsa kuti amva msanga, anati, "Ndaona vuto lake," nakankhira katundu yense kumbuyo. Nthawi yomweyo ngolo inakhala pansi chakumbuyo, mtengo wake wakutsogolo n'kuloza kumwamba. Goli linanyamuka, zingwe za kukhosi zinakoka ng'ombe zonse ziwiri mpaka maso tong'o.

"Poyamba mumafuna kuzithyola, tsopano mukufuna kuzipachika!" anakuwa a Yakobo, akudzikoleka pamtengo wa ngolo kuti utsike. "Kodi ng'ombezi zinakulakwirani chiyani?"

Amayi amene ankasenda chimanga m'munda woyandikana nawo anali ataimirira, manja m'chiuno, akuonerera ulere. A Mbewe anatsitsa matumba onse, nakhala pa limodzi, akupuma ngati mvukuto.

A Zelipa anapita kwa Bantomu, namusisita pakhosi pamene goli linadya ubweya. Analankhula osayang'ana amuna awo.

"Ng'ombe iyi si yaulesi, bambo a Ketilina. Yakoka ngolo iyi zaka zisanu ndi ziwiri, sinakanepo. Ikagwada ndiye kuti khosi lalephera." Anapitiriza kumusisita. "Amayi anu anadwala miyezi isanu ndi itatu, ndinawasamala ndine. Ana atatu, sukulu, matenda, ndine. Sitolo ya ku Kapata, ndine. Sindinadandaule. Ndinangopempha tsiku limodzi loti mudzaime pambali panga m'tchalitchi."



"Ine ndichoka pano chimanga chonse chikalowa m'nkhokwe," anapitiriza a Zelipa. "Achimwene akuti ndi Lolemba. Munthu amene adzakhale atagwira nafe ntchito mpaka tsikulo, ndidzapita naye. Akapanda kupezeka, nyumba ya malemu amayi ilipo, denga lake silidontha."

"Lolemba? Naphiri, msonkhano ndi Loweruka! Tamverani: ndigwira mawa ndi mkuja, Loweruka ndithamangire ku Chipata, maola awiri okha, madzulo ndabwerako."

"Ku Beira munati masiku atatu."

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu," anatero a Yakobo. "Dzukani, ndikuonetseni kapakiridwe."

Anamasula ng'ombe kuti zipume, nawaonetsa. Matumba olemera amakhala pakati, pamwamba penipeni pa magudumu. Otsalawo umagawa, lina kutsogolo, lina kumbuyo. Ukatha umagwira mtengo wa ngolo ndi dzanja limodzi. Ukakanika kuunyamula, ng'ombe zivutika. Ukanyamuka wokha, zivutikanso. Uzimva kulemera pang'ono chabe, kongokwanira kuti goli likhazikike.

"Ndipo musaganize kuti mukayeza kamodzi mwatha," anatero a Yakobo. "Njira ili ndi mabampu, katundu amasuntha. Pachitunda mumaima, n'kuyezanso."

A Mbewe anagwira mtengowo ndi dzanja limodzi, naunyamula, nautsitsa. Kwa nthawi yoyamba chifikire, sananene kuti ankadziwa kale.

Lachinayi anagwira ntchito. Lachisanu anagwira ntchito. M'manja munatuluka matuza, msana unauma ngati thabwa, koma pakamwa pokha sipanatope. Pofika Lachisanu masana anthu a m'minda yonse yozungulira anali atamva za nyanja ya ku Nacala ndi za mkango umene a Mbewe anauthamangitsa ndi hutala. A Zelipa ankawapatsa madzi ndi chakudya, koma moni unali uja wa alendo.

Loweruka m'mawa a Mbewe anadzuka mtima uli ku Chipata. Ankaona holo yodzaza, maikolofoni, alendo a ku Tete akugwedeza mitu. Zaka zonsezi ankadikira tsiku loti adzaime pamaso pa anthu a mayiko awiri. Anthu onse atapita kumunda, iwo anavala suti, nalowa m'galimoto, naliza injini. Maola awiri okha. Akabwerako adzapepesa, adzagula ndi nsalu.

Akubweza galimoto, anaona chingwe choyanikapo zovala kuseri kwa nyumba. Panali malaya obiriwira aja. Dzulo lake anawavula ali bii ndi dothi, nawaponya pampando. Wina anali atawachapa mbandakucha, nawayanika bwinobwino, kolala atawongola, kuti aume msanga munthu avale popita kumunda. Sanafunse kuti munthuyo apita kapena sapita. Anangochapa.

Injini inalira nthawi yaitali galimoto ili pamodzimodzi. Kenako inazima.

Kumudziko foni imagwira pamalo amodzi okha, pachulu chachikulu cha m'mphepete mwa munda wa a Yakobo. Nthawi ya msonkhano itakwana, anthu anaona a Mbewe akukwera chuluchi chokwawa, atavala malaya obiriwira osaumitsitsa ndi buluku la suti. Atafika pamwamba, foni inalira.

"A Mbewe, muli kuti?" anali a Maureen. "Holo yadzaza! Amayi ali kuti?"

"Amayi ali pantchito, inenso ndili pantchito. Ikani foniyo pa maikolofoni, mayi."

Anakonza kukhosi, naimika chifuwa, nayang'ana minda ya chimanga ngati ndiyo holo.

"Ladies and gentlemen! I am not there, because I am here!"

Mawu onse amene anayeserera m'galimoto anathawa. Chimene chinatsala m'mutu ndi ngolo. Ndiye anawafotokozera za ngoloyo m'Chingerezi chawo cha mumsewu: kuti katundu yense akakhala kutsogolo ng'ombe imagwada, akakhala kumbuyo imapachikika, ndiponso kuti iwo, Ezekiel Mbewe, mwini mathiraki anayi, anagwaditsa ng'ombe Lachitatu lapitali anthu akuona. Kenako anatembenukira kwa a ku Tete. "Meus amigos! Equilíbrio!" Apa Chipwitikizi chinawathera pakati, chifukwa chawo chinali cha pamalire ndi padoko, chodziwa mapepala ndi matayala, chosadziwa goli. Pamene mawu anasowa analira ngati ng'ombe, nagwada pachulupo kuonetsa mmene Bantomu anachitira, kuiwala kuti pafoni anthu saona.

"A Mbewe, anthu akuomba m'manja," anatero a Maureen pomaliza. "Koma a ku Tete akufunsa ngati mathiraki mwagulitsa, mwayamba za ng'ombe."

"Auzeni kuti ndidzawayankha ndikamaliza kukolola."

Atatsika anapeza a Yakobo atagona chagada pamatumba, akulira ndi kuseka. "Alamu, Chipwitikizi chija chomaliza ndachimva ngakhale ine! Bantomu nayenso wamva, wati mwalankhula bwino."

A Zelipa anali chiimire pambali pa ngolo, atagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Mapewa awo ankagwedezeka. A Mbewe anapita pafupi, ndipo munthu amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa msika analankhula motsitsa, moti a Yakobo anachita kutchera khutu.

"Naphiri, funso lanu lija. M'Chinyanja sindikudziwabe kuti amati chiyani. Koma ndinakuunjikirani katundu pakhosi, ine n'kumayenda wopepuka. Pepani."

A Zelipa anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku buluku la suti limene linali litang'ambika pabondo.

"Ndamva," anatero. "Matumba awo akudikira. Lolemba silinafike."

Lolemba masana ngolo yomaliza inalowa pakhomo, a Mbewe ali patsogolo, chingwe cha ng'ombe m'manja, akuitana Bantomu ndi Kaputeni mayina ngati anakula nazo. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, a Yakobo anakhazika awiriwo pansi pa mtengo wa mango monga nkhoswe, nalankhula mawu ochepa. Anati mlamu wawo akapita ku Beira azinena tsiku loona, ndipo chaka chamawa nthawi yokolola asadikire kuitanidwa. A Mbewe anayamba kulonjeza kuti adzabweretsa thirakitala, koma ataona nkhope ya akazi awo anasintha, nati adzabwera okha ndi manja awo.

A Zelipa analowa m'nyumba. Anakhalamo nthawi yokwanira kuti a Mbewe ayambe kutuluka thukuta lachilendo. Kenako anatuluka, chikwama m'manja.

"Bambo a Ketilina, makina osokera ali m'katimo. Ndi olemera."

A Mbewe anathamanga ngati mnyamata. Anatuluka atawakumbatira makinawo, nawakweza m'bokosi la galimoto, nayamba kuwakankhira kutsogolo kukhoma monga mwa chizolowezi. A Zelipa anatsokomola. A Yakobo anatsokomolanso. A Mbewe anaima, nawakokera makinawo pakati, pamwamba pa magudumu, nawamanga ndi chingwe.

"Galimoto ilibe khosi, alamu," anatero a Yakobo, "koma zolowerani."

Ananyamuka dzuwa likupendeka. Pofika pa Mgubudu a Mbewe anali atapezanso mawu awo onse.

"Mukudziwa, Naphiri, kapakiridwe kaja alamu amakadziwa, koma mwachimudzimudzi. Ine ndi amene ndawaonetsa sayansi yake. Ndikakafika ku Beira ndikawauza anzanga kuti..."

"Mukawauzenso kuti ng'ombe inagwada."

"Imeneyo inali kupereka ulemu kwa mlendo."

A Zelipa anaseka, kuseka kwenikweni kwa kunyumba, natsamira pampando. "Yendetsani bwino, bambo inu," anatero. "Kutsogoloko kuli mbuzi."